Madzi opempherera m'chikombole cha mtovu

Anzanga, izi sindinachite kumva kwa munthu ayi, ndinadzionera ndekha kuno ku Kafue, ndipo wokayika abwere ndimuonetse zipsera pamkono pangapa.

Alongo anga, ntchito ya ku fakitale itatha, anayamba kusungunula mtovu wa m'mabatire akale n'kumaumba timitovu tomwe asodzi amamangirira kunsi kwa ukonde kuti uzimira. Anali ndi chikombole chachitsulo chotsekuka pawiri, koma chaka china chinayamba kuvuta: mtovu unkakakamira, kugogoda ndi mtengo osatuluka, ukati utuluke wobenthuka, asodzi n'kumaubweza. Iwo ankati vuto ndi dzimbiri basi, mankhwala ake n'kupala bwino ndi kufukiza mkatimo ndi utsi wa kandulo. Koma ba mlamu, mkazi wawo, munthu wopemphera zedi, ankandinong'oneza kuti chitsulo sichingoyamba kukana chokha, alipo wansanje amene wamanga ntchito ya amuna awo. Ine ndinkangoseka, nanga m'banja la eni ndikanalowerera bwanji?

Tsiku lina m'mawa ndinakhala pambali pa mbaula ndikutunga timitovu pachingwe. Chimene ine ndi alongo anga sitinadziwe n'chakuti ba mlamu anali atalawirira ndi kabotolo ka madzi opempherera a ku tchalitchi, n'kuwaza m'chikombole muja, n'kutseka bwinobwino osauza munthu.

Mayo ine! Alongo anga atangothira mtovu wosungunukawo m'chikombolemo, unaphulika ngati mfuti. Ine unandiwaza pamkono, koma alongo anga anagwa chagada atagwira kumaso, akukuwa kuti sakuona, sakuona. Njira yonse yopita kuchipatala ndinkangoganiza kuti bambo wa ana anayi akachita khungu, nyumba imeneyo idya chiyani? Ba mlamu anaulula tili pabenchi podikirira, akulira, kuti ankangofuna kumasula ntchito ya amuna awo. Kunena zoona ndinafuna kuwamenya khofi, koma nditaona mmene ankalirira, mkwiyo unatha. Adokotala anatiuza kuti diso lakumanja lapulumuka, lakumanzere lapita.

Abale tinkayesa kuti ukwati watha. Koma alongo anga atamva, anangoti mkazi wawoyo akanawauza, iwo akanaika chikombolecho pamoto kuti chiume, pempherolo silikanauma nawo.

Ine kutchalitchi ndimapitabe, ndipo sindinena kuti madzi aja anali oipa. Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti chabwino chochita mobisa chimapweteka chimodzimodzi ndi choipa. Inu amene mumawaza madzi pakhomo, pagalimoto, pakatundu wa malonda, chonde pazipangizo za mwini muziyamba mwafunsa, ndipo mtovu wamoto usakumane ndi dontho ngakhale limodzi.

Chikombole chija chikugwirabe ntchito, anachipala n'kuchifukiza, sichikakamiranso. Koma ndi diso limodzi alongo anga amaphonya kabowo kothirira, ndiye amene amathira mtovu masiku ano ndi ba mlamu. Amayamba achiwotcha kaye pambaula mpaka chiume gwa, kenako amapemphera ndi pakamwa pokha.