Galimoto Yolira Ngati Mwana

Agogo anga aamuna, a Gelevazio, ndikawakumbukira ndimamva fungo la oyilo wakuda losakanikirana ndi la fodya wa chingambwe, fungo limene sopo wa agogo aakazi analimbana nalo zaka zambiri osaligonjetsa. Anagwira ntchito yokonza malole ku mishoni mpaka msana unakana, ndiye masiku amene ndinkakhala nawo ku Dzoole ankangokhala pansi pa mtengo wa mango, kumvetsera magalimoto odutsa n'kumawatchula matenda awo. Ine ndinali kamtsikana kamafunso, moti ankandiopseza kuti tsiku lina adzandimanga pakamwa ndi waya.

Chaka china, fodya atangochoka m'zigafa, mnansi wathu a Lufeyo anabwera kuchokera ku Joni ndi galimoto imene maso athu anali asanaionepo: yofiira, yaifupi ngati ikukwawa, ya mipando iwiri yokha, denga lake lansalu. Ngakhale anyamata oona makadi a chipani pamsika ankaiwala ntchito ikamadutsa. Koma inali ndi chilema. Ikamakwera chitunda, kumbuyo kwake kunkatuluka kulira kwakung'ono kosadukiza, iiiii, ngati kwa mwana amene walira mpaka mawu atsala pang'ono kutha.

Tsoka lake, miyezi iwiri iwo asanafike, mlongo wawo a Naphiri anali ataika mwana wawo Esinati, mnzanga amene ndinkasewera naye phada. Chinamutenga ndi chikuku, koma kuchitsime nkhani inaphikidwa mwina: amalume ake akhwimira mwanayo, ndipo amene akulira m'galimotomo ndi iyeyo. A Naphiri anasiya kulankhula ndi mlongo wawo, ndipo achibale anayamba kunong'onezana zoti a Lufeyo awathamangitse pamudzi. Ine mantha ndinali nawo, koma chidwi chinkandiposa mphamvu. Esinati, ndi miyendo yake yaitali ija, ankakwana bwanji m'malo ochepa chotero?

Nditawafunsa agogo, iwo anati: "Mwana wolira pokwera phiri, n'kutonthola potsika? Ameneyo ndikufuna ndimuone."

M'mawa mwake anaitanitsa a Lufeyo ndi galimoto yawo.

"Ukaponda mafuta imatani?"

"Imalira, agogo."

"Ukachotsa phazi?"

"Imatonthola."

"Nanga pokhota?"

"Sisintha."

"Ndiye kumateyala kulibe mlandu. Wolakwa ali pakati."

Ananyamula kumbuyo kwake ndi jeke, naikhazika pa zitsa ziwiri zamphamvu, n'kuuza a Lufeyo kuti alize injini ndi kulowetsa giya. Mateyala anayamba kuzungulira m'malere, ndipo kulira kuja kunabwera. Anthu amene anasonkhana anabwerera m'mbuyo, amayi ena atagwira pakamwa. Agogo anayala thumba, nagona chammbali ndi mpini wa khasu, mbali ina pakhutu, inayo pachitsulo. Ankausuntha pang'onopang'ono, maso ali chitsinzinire, mpaka unaima pa chitsulo chobulungira cha pakati pa mateyala akumbuyo, chimene iwo ankachitcha difu.

"Amake Esinati," anaitana, "sendera kuno udzamve wekha."

A Naphiri anazengereza, kenako anagwada, naika khutu pampini. Anakhala pamenepo nthawi yaitali kwambiri, moti ndinayamba kuganiza kuti mwina amumvadi.

Injini itazimitsidwa, agogo anamasula kachitseko ka difuyo ndi sipanala, napisamo chala. Chinatuluka chouma, chitamatira tizitsulo tonyezimira ngati mchenga. Anachikweza kuti aliyense aone.

"Galimoto iyi ndi yaifupi, misewu yathu ndi yamiyala. Mwala unang'amba apa, oyilo anatayika yense. Mano achitsulo akudyana okhaokha popanda chofewetsa. Munthu mulibe umu."

A Lufeyo anangotsamira chitseko, misozi ili chuchuchu. Agogo anamata pong'ambikapo, nathiramo oyilo wolimba amene anali m'chitini chawo chakale, ndipo galimoto itakwera chitunda cha kusitolo tinangomva kaphokoso kakang'ono, kulira kuja kutatha. Anthu anaseka, n'kuyamba kubalalika. Amene ankatsogolera miseche ndi amene anali oyamba kunena kuti iwo sankakhulupirira n'komwe.

Ine ndinkadikira kuti a Naphiri alulute. Iwo anangoima m'mbali mwa msewu, maso ali kuchitunda, manja atalendewera.

"Ndamva, agogo," anatero motsitsa mawu. "Achimwene alibe mlandu, ndipo ndiwapepesa. Koma ine ndinkabwera kumsewu kuno m'mawa uliwonse kuti ndimumve. Tsopano ndizikamumvera kuti?"

Agogo anavula chipewa, nakhala pansi pomwepo pafumbi, ndipo a Naphiri anakhala pambali pawo. Anakhala pamenepo mpaka dzuwa linafika pamutu.

Lero ndine namwino, ndipo nthawi zambiri ndine amene ndimauza amayi chimene chachitikadi. Choonadi ndimanena, sindibisa. Koma ndikatha kunena sindithamangira kwa wodwala wina. Ndimakoka mpando, n'kukhala nawo kaye.