Amalume ndi Mfuti ya Sarijento

Chitsulo chotsendera wonga ndicho chokha chimene chinatsala pa mfuti ya amalume. Chinali chachitali, chopindika pang'ono kunsonga, ndipo chinkakhala chotsomeka kudenga la khonde lathu. Mfuti yeniyeniyo, gogodela imene anawasiyira bambo awo, Apwitikizi analanda nkhondo itangoyamba, pamene ankasonkhanitsa mfuti zonse za m'midzi ya ku Ngauma. Chitsulocho amalume anachibisa m'thalauza, n'kubwerera kunyumba akukoka mwendo wouma gwa ngati wolumala. Mayi ankachitenga pothamangitsa makoswe m'nkhokwe, ndipo akatero pakhomo pankabuka mlandu wa tsiku lonse.

Chilimwe chimene ndikunenachi ndinali kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi. Apwitikizi anali atatisamutsa kumudzi kwathu n'kutiunjika pafupi ndi Itepela, m'mudzi wa nyumba zamizere wozunguliridwa ndi waya waminga, kwartela ya asilikali ili pachipata. Bambo kunalibe. Ine anandiuza kuti akutchola tiyi ku Mulanje, ndipo ndinkauza aliyense monyadira. Linali bodza. Bambo anali kumapiri, ulendo wa tsiku limodzi, pamodzi ndi anthu amene anakana kulowa m'waya. Asilikali ankawafuna kwambiri, koma chinkawasowa n'chimodzi: munthu wodziwa kulondola mapazi m'mapiri amenewo. Munthu woteroyo ankadya pakhomo pathu tsiku ndi tsiku.

Mlenje wopanda mfuti ndi munthu wovuta kukhala naye. Amalume ankaswera pakhonde la telala, amenenso kale anali mlenje, pamodzi ndi amwalimu a kumadrasa, amene sanaphepo ngakhale nkhanga koma nkhani za mfuti ankazidziwa kuposa onse. Atatuwa anali ndi matenda amodzi. Matendawo anali mfuti yatsopano ya asilikali, yakuda, imene ukakoka kamodzi imalira n'kudzilowetsa yokha chipolopolo china. Iwo anaipatsa dzina loti Chilongolola.

Panalibe mwa iwo amene anali ataigwirapo, choncho ankaiyesa ndi makutu. Asilikali akamaphunzira kuwombera kuseri kwa kwartela, makina a telala ankaima, amuna atatu n'kupendeketsa mitu. Telala ankati ikulira mopepuka, sizingatheke kugwetsa njati. Amwalimu ankati mfuti yodzidzaza yokha ndi ya anthu aulesi, ndipo imachotsa madalitso pa nyama. Amalume ankangotsinzina n'kumeza malovu.

"Inu simudziwa kuvutika," ankatero. "Gogodela ukawomba kamodzi, iponye pansi, kwera mtengo. Kuti udzaze kachiwiri, nyama yakupeza kale. Theka la moyo wanga ndathera m'mitengo ngati nyani. Koma iyi! Zipolopolo makumi awiri m'mimba, munthu uli chiimire."

Nkhani yaikulu inali ya kumene ingapezeke. Telala atapita kukagula nsalu ku Cuamba, kumene nthawi imeneyo ankati Nova Freixo, anabwera n'kulumbira kuti waona mabokosi ake akutsitsidwa m'sitima, ndipo fungo la mafuta ake linamveka mpaka kumsika. Wina anati ku Mandimba kuli sipayi, wapolisi wakuda wa Apwitikizi, amene anaisungirapo mzungu kwa ola lathunthu, ndipo amalume anamuda munthuyo asanamuone. Kukantina, sitolo yathu ya m'waya, sinkagulitsidwa. Alonda a pachipata chathu anapatsidwa zakale zokokera ndi dzanja, zomenya phewa kuposa nyama. Munthu wakuda kuti ayigwire, anayenera kuyamba wavala zausilikali. Nthawi zina telala ankatsitsa mawu n'kuti a kumapiri nawonso ali ndi yawo, yolira mosiyana pang'ono, koma nkhani imeneyo inkafera pomwepo.

Tsono apa ndi pamene pakamwa panga panalowerera. Ndinkagulitsa nthochi pachipata cha kwartela, ndipo kunali msilikali wina wophika, Mlomwe wa ku Cuamba, wokonda kundiputa. Tsiku lina anati m'mudzi mwathu mulibe mwamuna, muli alimi a chinangwa okhaokha. Ndinapsa mtima. Ndinamuuza kuti amalume anga amalondola phazi la gwape pamwala, amadziwa phanga lililonse la kumapiri, ndipo sanaphonyepo chibadwire. Ndinawonjezanso njovu ziwiri zimene sanaphe. Ndinabwerera kunyumba ndikudzimva kuti ndaombola mtundu wonse. Lero ndikakumbukira kamwana kameneko ndimafuna kukatsina khutu.

M'mawa mwake sarijento wa kukwartela anafika pakhomo pathu, wophika uja akumasulira. Anati wamva kuti nguluwe zikutha chinangwa kumtsinje. Ife Asilamu sitidya, koma iye nyamayo ankaifuna. Amalume akaphe imodzi ndi mfuti yake. Akaonetsa kuti ndi mlenje weniweni, adzawapatsa zovala, nsapato ndi mfuti yawoyawo, ndipo azidzayenda patsogolo pa asilikali popita kumapiri. Atatero anavula mfutiyo paphewa, Chilongolola yeniyeni, n'kuwagwiritsa.

Amalume anailandira mwaulemu. Anainyamula ndi manja awiri ngati khanda la mwini, n'kuisisita, n'kuinunkhiza. Sarijento anawaonetsa pokokera ndi poyang'anira, n'kuitenganso, nati mawa m'mawa. Kukana kunali kosatheka, chifukwa wokana ankafunsidwa chimene akubisa.

Tsiku lonse amalume anakana kusamba m'manja kuti fungo la mafuta lisachoke. Nthawi ya swala itakwana, amwalimu anawaumiriza kutawaza, kusamba kwa pokapemphera, ndipo anakangana mpaka anthu anasonkhana. Telala anapempha kununkhizako chikhatho, n'kuvomera kuti ndi fungo lomwe lija la ku Cuamba. Ine ndinkadumphadumpha pabwalo ndikuuza anzanga kuti zonsezi ndachititsa ndine. Mayi okha sanaseke. Anapeta chimanga chopetapeta kale, ndipo mchimwene wawo atadutsa pafupi anangoti, "Achimwene, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi." Amalume anaima, nayang'ana kumapiri, kenaka m'manja mwawo. Chakudya chamadzulo sanachigwire.

Kutacha mudzi wonse unatsikira kumtsinje, chifukwa m'waya munalibe zosangalatsa zina. Amayi ndi ana tinakwera pachulu. Amuna analowa m'bango ndi agalu akumenya zitini. Amalume anaima poyera, Chilongolola ili paphewa, sarijento ali kumbuyo kwawo ndi ndudu pakamwa, telala ndi amwalimu ali chapafupi ngati mboni. Mame anali asanaume, ndipo matope ankanunkha ngati mphika wa thobwa losasa.

Nguluwe inatuluka, yaimuna, yofiirira, msana uli nyankhalala. Inaima pafupi kwambiri, poti ngakhale ine ndikanaigenda ndi mwala. Mfuti inalira kamodzi. Matope anathovoka kutali, kumanzere, kumene kunalibe ngakhale chule. Ndiye amalume anga, munthu amene anatha chilimwe chonse akutamanda zipolopolo makumi awiri, anaponya mfuti ya sarijento m'thope n'kuthamangira mtengo wa msuku. Anakwera ngati mnyamata.

Nguluwe inapenga. Inalunjika pamene panali anthu. Sarijento anafuna kutola mfuti yake, naona kuti nthawi palibe, nathamanga chammbuyo mpaka kugwera mumtsinje chagada, ndudu ikadali pakamwa. Amwalimu, poopa kuti chinyama chodetsedwa chingawakhudze mkanjo, anadumphira pamsana pa telala, ndipo telala anathamanga nawo choncho mtunda wabwino ndithu asanazindikire kuti wabereka munthu. Pamwamba pa msuku amalume ankakuwa ndi mawu onse: "Wonga! Bweretsani wonga ndidzaze!"

Pachulu amayi anagwa ndi phwete, ena mpaka kugwirana kuti asagubuduke. Ngakhale asilikali akuda anatembenuka kuyang'ana kwina, mapewa akugwedezeka. Nguluwe inawoloka mtsinje n'kupita ndi moyo wake wonse.

Sarijento sanaseke. Anati munthu wotere angawaphetse onse kumapiri, ndipo sakufunanso kumva dzina lake. Chifukwa cha thope la mumfuti, analamula mbalamatodya, chithabwa chija chomenyera m'zikhatho. Amalume anatuluka m'kwartela masana, manja atatupa ngati mikate, ana akuwatsata pambuyo akuimba kuti "wonga, wonga". Ndinene zoona, nanenso ndinaimba nawo, ndipo ndinkakweza mawu kuposa onse, kuti anthu aiwale kuti ndi amalume anga. Pakhonde la telala mlandu unagamulidwa tsiku lomwelo: miyendo ya mlenje wa gogodela siphunzira zatsopano. Amwalimu anati iwo ananeneratu.

Ine ndinathawira kwathu ndi manyazi. Nditalowa kuseri kwa nyumba ndinapeza zimene zinandikwiyitsa koposa. Mayi, amene tsiku lililonse ankawanena achimwene awo kuti ndi mlesi wongodya, anali atapha nkhuku yathu yoikira mazira. Anagwada pamphasa n'kumawadyetsa ndi dzanja lawo, chifukwa amalumewo sakanatha kugwira kanthu.

"Mukuwapatsiranji nkhuku?" ndinafunsa. "Atichititsa manyazi mudzi wonse!"

Mayi sananditembenukire n'komwe. Amalume anatafuna pang'onopang'ono, misozi ikutsikira m'ndevu.

"Achemwali," anatero motsitsa mawu, "koma mfuti ijayi inali yokoma. Inakhala paphewa ngati anapangira ine. Ndinaiona nguluwe ija pakati pa maso penipeni."

"Ndikudziwa, achimwene," anayankha mayi. "Idyani."

Ndinachoka ndikuguguda mapazi. Ndinkadabwa kuti munthu wamkulu anganame bwanji poyera chonchi, kunena kuti anaiona pakati pa maso, pamene tonse tinaona chipolopolo chikugwera kutali m'matope.