Mafuta a Mneneri pa Makina a Amalume

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene anandiuza kuti ndilongedze, ndibwerere ku Katete, chifukwa cha makina osema matabwa.

Amayi atamwalira, amalume ananditenga kuti ndidzaphunzire ku Kitwe. Tinkakhala ku Bulangililo. Iwo ankagwira ntchito ku mgodi, koma mtima wawo unali m'kashedi kuseri kwa nyumba, momwe munali makina aang'ono oyendetsedwa ndi kompyuta. Ankasema nawo mayina pamatabwa a mukwa, zikwangwani zapageti za anthu a ku Nkana East, ndi mavesi opachika pakhoma. Asanayambe kusema, ankaika kambale kachitsulo pamwamba pa thabwa, n'kupana waya wake ku kachitsulo kosemera. Kachitsuloko kankatsika pang'onopang'ono, ndipo kakangokhudza kambale, makina ankaima okha, atadziwa poyambira thabwa.

Tsiku lina sanaime. Kachitsulo kanakanikiza kambale mpaka thyoo! Mawa lake chimodzimodzi. Amalume anasintha waya, anazimitsa kompyuta n'kuiyatsanso, anafunsa anzawo pafoni, koma ayi ndithu, zitsulo zinkangothyoka.

Akazi awo, amene ndinkawatchula kuti Anti, anali atasiya tchalitchi cha kwathu n'kumapita kwa mneneri wina wa m'tenti ku Garneton. Anabwerako ndi yankho lophikaphika: m'nyumba muli mwana wobwera ndi mzimu wa kumudzi. Nanga mwana wobwera anali ndani? Ine ndemwe, wosesa m'shedimo m'mawa uliwonse.

Anasiya kudya zimene ndaphika. Anandipatulira kapu yangayanga, ngati wa chifuwa chachikulu. Kenako anati, "Iwe Zelipa, longedza. Loweruka ukwera basi."

Kumudzi kunatsala agogo odwaladwala ndi munda wa fodya. Sukulu yanga ikanathera pomwepo, ndipo aliyense m'nyumbamo ankadziwa. Ndinayang'ana amalume, mlongo wawo wa amayi anga, bere limodzi. Iwo maso anali pafoni.

Lachisanu masana anaganiza zoyesanso makinawo. Ine ndinali panja, poti m'shedi anali atandiletsa kulowamo, koma chitseko chinali chotsegula. Atanyamula kambale kaja, kanawamatira kuzala. Anakanunkhiza, n'kukwinya nkhope. Anatsegula mano a chopanira waya, nawakolokosa ndi msomali. Mayo ine! Munatuluka phala lakuda bii la utuchi ndi mafuta, muli nyerere zakufa ndi miyendo ya mphemvu. Fungo lake la perefyumu wosasa linandipeza pomwe ndinaimapo, ndipo ndinalavula.

"Amake Dalitso," amalume anaitana, "mafuta awa achokera kuti?"

Anti anabwera akupukuta m'manja. "Awe mwandi, musadabwe, ndi odzozera a mneneri. Ndimadzoza makinawa m'mawa mukapita kuntchito, kuti maoda achuluke. Atayamba kuvuta ndinawonjezera."

Ananena mosangalala, ngati munthu woyembekezera kuthokozedwa. Amalume anathira sipiriti pakansalu, napukuta kambale ndi chopanira, n'kukwechapo ndi sandipepa mpaka chitsulo chinawala. Kachitsulo kosemera kanatsika, kanakhudza, kanaima nji. Nkhani yonse inali yakuti magetsi ankalephera kudutsa litsirolo kuti auze makina kuti afika.

Ndinaimabe pakhomopo, ndikudikira. Mwana amakhala wopusa, ndinkaganiza kuti wina anena kanthu.

"Mwaonatu, mapemphero ayankhidwa," anatero Anti. "Iwe, masula chikwama. Mbale sizidzitsuka zokha."

Amalume anaseka pang'ono, n'kundituma thabwa lina. Basi, zinathera pomwepo. Pepani sanatuluke m'kamwa mwa munthu aliyense, ngakhale wonamizira.

Sukulu ndinamalizira m'nyumba momwemo, ndipo kwa zaka zambiri mkwiyo wanga wonse ndinkauika pa Anti. Koma chaka chatha, tili pamaliro ku Ndola, ndinafunsa amalume ngati ankakhulupiriradi za mzimu uja. Anadabwa kwambiri.

"Aa, iwenso! Ine ndinkadziwa kuti vuto lili penapake pa waya. Ndinkangofuna mtendere m'nyumba."

Ndinadzuka, n'kukakhala kwa azimayi. Anti, ndi umbuli wawo wonse, ankaopa chinthu chimene ankachikhulupirira. Amalume ankadziwa kuti ndine wosalakwa, komabe basi ya Loweruka akanandikweza okha, chifukwa m'nyumba monsemo wosavuta kutaya ndinali ine.