Nsambo Zatsopano pa Khonde la Apongozi

Gitala yanga yoyamba ndinaipeza chaka chimene ndinalowa chikamwini m'mudzi wina kufupi ndi Chitakale. Anabwera nayo msuweni wanga pochokera ku Halale, ndipo atatopa nayo anandisiyira. Masiku amenewo ndinkagwira ntchito ku fakitale ya tiyi, choncho nthawi yoimba ndinkaipeza Lamulungu masana, tikaweruka ku tchalitchi.

Nsambo ziwiri zitaduka, ndinakagula zina kusitolo ya Mmwenye n'kuzimanga ndekha. Ndinachita mfundo pachichiri ngati ndikumangirira mbuzi, nsonga zotsalazo n'kungozikulunga mmene zafikira. Ndikati ndachuna bwino, nyimbo isanafike pakati gitala yayamba kale kulira zina. Ndinkaima, kukunga, kuyambiranso. Zinatero masabata atatu.

Apongozi anga aamuna ankakhala nyumba yoyandikana nafe. Tinkalonjerana chapatali, monga mwa ulemu, ndipo tinali tisanachezepo. Ntchito yawo inali kuluka madengu pakhonde.

Lamulungu lina mkazi wanga anabwera kuchokera kwa makolo akewo.

"Bambo akuti mupite nacho chinthu chanucho," anatero.

"Kodi ndawasokosera?"

"Sananene. Ingopitani."

Ndinapita, ndinakhala pansi kumapeto kwa khonde. Iwo anaika dengu pambali, analandira gitala ija n'kuyang'anitsitsa zichiri.

"Apongozi," anandiitana motero, m'Chinyanja chawo chokokera ku Chilomwe, "makutu muli nawo abwino, koma kumanga simudziwa. Senderani kuno."

Anamasula nsambo imodzi yokha, zinazo anazisiya. Anayamba ndi kumunsi, kukoka mpaka anatsimikiza kuti yagwira pakathabwa. Kenaka anapisa nsonga pabowo la chichiri, anasiya mpata wa zala zitatu, anaipinda, ndipo anayamba kupotoza pang'onopang'ono chala chili pansambo. Inazungulira katatu, mzere uliwonse pansi pa unzake, osakwerana.

"Ikakwerana imaterereka. Mfundo n'zosafunika, imadzigwira yokha."

Atachuna, anaikoka pakati ndi chala, ndipo mawu anatsika. Anakunganso, anaikokanso, mpaka inasiya kutsika.

"Waya watsopano ndi waulesi. Mumutopetse inuyo musanayambe kuimba. Zinazo mangani nokha."

Ndinamanga zisanu zotsalazo iwo akuyang'ana. Ziwiri anandibwezetsa. Thukuta linali kamukamu, koma sanandiseke.

Nditamaliza, anaigoneka gitala pamiyendo n'kuyamba kuikhwacha ndi zala zonse, akung'ung'udza nyimbo ya Chilomwe. Mkazi wanga, amene ankasenda chinangwa pafupi ndi nkhokwe, anasiya mpeni.

"Bambo, kani mumaimba?"

Anamuuza kuti ali mnyamata ku Milanje, kutsidya kwa malire, ankaimba bangwe m'maukwati, ndipo anamusiya kwa mng'ono wawo pamene ankawoloka kubwera kuno. Mwana wawoyo anali asanamvepo zimenezo. Apongozi aakazi anatuluka m'nyumba akuseka, n'kunena kuti bangweyo ndi amene anawanyenga.

Tsiku limenelo ndinaimba nyimbo zinayi zotsatizana osakhudza chichiri. Dzuwa litapendeka, mtambo unatsika m'phiri ndipo mvula ya mawawa inatithamangitsira m'kati, m'nyumba imene ndinali ndisanalowemo chikwatirireni. Tinadya chinangwa chophika ndi tiyi, aliyense mbale yake.

Gitalayo ndinakhala nayo zaka zisanu ndi chimodzi. Nsambo ikaduka ndinkakamangira pakhonde pomwe paja, ngakhale ndinali nditadziwa kale, ndipo yodukayo apongozi ankaitenga kuti azilimbitsira milomo ya madengu.