Alendo a Mayi a Zipi

Mumsewu mwathu amawatcha Mayi a Zipi. Zipi ya buluku, ya chikwama, ya jekete, ikakana kutseka imapita kwa iwo. Makina awo ali m'chipinda chakutsogolo pafupi ndi zenera, ndipo makina amenewo ndi amene anaphunzitsa ana, amuna awo atathawira kwa mkazi wina wogulitsa mafuta odzola.

Amunawo anabwerera chaka chatha, mapazi otupa, mpweya wobanika, katundu yense m'jumbo imodzi. Wamafuta uja anangowatula pageti. Ana anachonderera pafoni: "Amayi, ndi bambo athube." Ochondererawo onse amakhala kutali. Wochapa zofunda ndi wosambitsa wodwala anali Mayi a Zipi.

Sanawakane. Anangosiya kuwatcha abambo, n'kuyamba kuwatcha alendo.

Dokotala sanabise mawu. Mtima unkafunika opaleshoni, koma thupi linali lofooka, silikanapirira mpeni. Akalimbitse kaye thupi kunyumba: kudzuka pampando osagwira kanthu, kuyenda, kunyamula mabotolo amadzi, kukoka mpweya pakachipangizo ka timipira. Akadzalephera kuyenda mpaka kumapeto kwa khonde la wodi n'kubwerako, opaleshoni kulibe.

Mayi a Zipi anazimva mwawomwawo. Popanda opaleshoni, munthuyu afera m'nyumba mwawo. Iwo adzakhala pansi kulandira mapepeso, kulira mwamuna amene sanawalirepo, n'kumatchedwa wamasiye wake mpaka kale. Zimenezo ayi.

"Alendo, dzukani."

"Mayi a ana, lero miyendo yakana."

"Yayamba liti kukana? Pochoka paja inkathamanga. Dzukani."

Mpando wofewa anaunjikapo nsalu za makasitomala, wodwala n'kumupatsa situlu yolimba. Makina akulira, maso awo ali pansalu, khutu lili kumbuyo.

"Ndamaliza, mayi a ana."

"Bodza. Situluyo imalira munthu akadzuka. Yangoti zii."

Tiyi ankamuika pashelefu kumapeto kwa khonde. "Uyo akuzizira uyo." Wailesi anaisamutsira kukhitchini, wofuna mpira aulondole. Koma wodwala akangogwira pachifuwa, ankamukhazika pansi msangamsanga monga anauzidwira kuchipatala. Maliro sankawafuna.

Tsiku lina mlongo wa amunawo anabwera ndi malalanje, n'kupeza mchimwene wake ali thukuta kamukamu, botolo m'dzanja lililonse.

"Mlamu, mukufuna kuwapha achimwene? Bwanji osawasiya apume? Akanakhala kwanga sibwenzi akuzunzika chonchi."

"Akanakhala kwanu, eti? Ndamva. Poti mwabwera, zofunda zawo zili m'beseni."

Mlamu anayang'ana wotchi, nakumbukira msonkhano.

Miyendo inayamba kumvera. Amunawo, poona kuti akufika pageti osapumira panjira, anayamba kumwetulira pafupi ndi makina.

"Ndazindikira, mayi a ana. Umandikondabe."

"Kokani mpweya, alendo. Kampira kakumapeto sikanakwere."

Tsiku loyesedwa Mayi a Zipi anaitana mlamu kuti adzaone yekha. Wodwala anayenda khonde lonse la wodi, anabwerako, anachita kupereka moni kwa wokolopa. Dokotala anagwedeza mutu n'kutchula tsiku la opaleshoni. Mlamu anaomba m'manja kuposa aliyense.

Namwino anatembenukira kwa Mayi a Zipi. "Wowadikirira muno, ndiponso wowasamalira akatuluka, ndi inu mayi?"

"Ayi. Ndi mlongo wawoyu. Ananena yekha kuti kwawo sakazunzika."

Anakoka chikwama chachikulu chimene anabwera nacho n'kuchiika pamapazi pa mlamu. "Zonse ndachapa, ndasita. Mabuluku ndabweza m'chiuno."

"Zonse?" anafunsa amunawo.

"Zonse, ndi mabotolo omwe. Musasiye kuwanyamula, alendo, dokotala wati mpaka tsikulo."

"Koma mlamu, kwanga kuli masitepe!"

"Akwera," anatero Mayi a Zipi akukonza mpango paphewa. "Ndawaphunzitsa ndine."