Mchira wa Nalimata wa a McKay

Ntchitoyi anandipezera ndi Mayi Gondwe a kutchalitchi, amene ankakolopa m'sitolo ina ya ziweto ku Partick, kuno kudziko la azungu. Ndinali nditamaliza digiri ya zaulimi, makalata ofunsira ntchito akungopita ngati madzi a mumtsinje. Mwini sitolo, Morag, anandipatsa miyezi itatu yoyeserera. Ndikaipambana, ndiye kuti andilemba zenizeni.

Tinkamangira analimata a mtundu wokhala ndi nsidze nkhalango zazing'ono m'mabokosi agalasi. Pansi timiyala tadongo lowotcha kuti madzi azitsika, kenako kaukonde, dothi losakaniza ndi makoko a kokonati, ndere ndi masamba ouma. Umathiramo tizilombo todya zoola, kuimika makungwa okwerapo, kudzala zomera, n'kumapopera madzi mwezi wathunthu nalimata asanalowe. Ine woti kwathu nalimata ndinkamuthamangitsa ndi tsache, pano ndinkamuyalira pogona.

A McKay, bambo wachikulire wa ku Shawlands, anaitanitsa bokosi la nalimata amene akazi awo anawasiyira pomwalira. Tsiku lomulowetsa Morag kunalibe. Kanyamako kanandilumpha m'manja, ine n'kukagwira kumchira. Mchira unatsala m'zala zanga ukuphiriphitha.

"Musadandaule bambo, umeranso," ndinatero. Sindinkanama. Kwathu mwana aliyense amadziwa kuti mchira wa buluzi umaphukanso.

Mawa lake ndinafufuza n'kupeza kuti mtundu uwu ukataya mchira, wataya basi. Sindinawauze a McKay ngakhale Morag. Mantha, abale. Ndinkangowerenga masiku otsala a miyezi itatu ija.

Patapita milungu isanu ndi umodzi a McKay anabwera, mvula ili pamutu, atagwira kapepala. Ankayeza chitsa cha mchira uja ndi lula Lamlungu lililonse, n'kumalemba pakapepalapo.

"Mwana wanga, mchira uja sukukula. Kodi ndikulakwitsa chakudya?"

Morag anali pambali panga akudula ukonde. Anaika lumo pansi, n'kuwafotokozera yekha mofatsa kuti mchirawo sudzameranso. Mkuluyo sanakalipe. Anangopinda kapepala kaja n'kundiuza kuti zikomo, ndipo zikomoyo imandiwawa mpaka lero.

Atatuluka, Morag anati, "Mchirawo ndikanakukhululukira, umaduka kwa aliyense. Koma milungu isanu ndi umodzi yosawauza zoonayo ayi."

Sanandilembe. Pano ndimasamalira okalamba ku Pollokshields, ndipo za digiri ndinasiya kuzitchula. Chimene ndinatengako ndi chimodzi. Agogo akandifunsa ngati mwendo wawo udzayendanso, sindinena kuti inde. Ndimakhala nawo pansi, n'kuwauza zimene ndikudziwa.