Zimene Sitinawauze Adokotala

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ntchito yanga pakhomo inali kulera mng'ono wanga Tereza, wa zaka ziwiri. Tinkakhala m'mapiri kupitirira kwa Magaleta. Abambo anali ku esiteti ya fodya ku Kasungu, amayi ankakhalira kumunda, ndiye mwanayo anakulira kumsana kwanga. Akamva njala, akafuna kukodza, akayamba kuwodzera, msana wanga unkadziwa iye asanalire n'komwe.

Dzinja lina malungo anamugwira. Tsiku lachiwiri m'mawa ndikupita naye kuchitsime, ndinangomva thupi lake lauma gwa, timiyendo tikundimenya m'nthiti. Nditamutsitsa ndinapeza maso atatembenuka, thovu lili kukamwa. Ndinasiya ndowa pomwepo n'kuthamangira kumunda. Pamene ndinkafika n'kuti atasiya, ali lefu. Asanamalize amayi kusamba m'manja, zinamuyambanso pamaso pawo.

Amayi anayang'ana uku ndi uku ngati pali wina waona. Kenaka anandigwira paphewa.

"Tikupita kuchipatala. Koma zimene waonazi usakazitchule. Wamva?"

"Ngakhale kwa adokotala?"

"Pamzere pamakhala anthu akwathu. Akangomva, mawa mudzi wonse udzati ndife banja la akhunyu. Adzakukwatira ndani iweyo? Nanga mwanayu?"

Zimene ankaopa ndinkazidziwa. M'mudzi mwathu munali mtsikana wina, Alinesi, amene ankagwa khunyu. Anali ndi mbale yakeyake, chikho chakechake, ndipo akagwa anthu ankathawa poopa malovu ake. Azichemwali ake atatu, okongola bwinobwino, anakalambira pakhomo. Sitinkadziwa kuti kukomoka kwa malungo ndi kwina, khunyu ndi lina. Kwa ife mwana akauma n'kutuluka thovu, dzina linali limodzi basi.

Amayi anamanga khadi la chipani pamfundo ya chitenje, chifukwa masiku amenewo munthu sunkayenda ulendo popanda khadi, ndipo tinanyamuka. Tinatsika mapiri, tinawoloka mitsinje iwiri madzi akulekeza m'mawondo, tikulandirana mwana. Tinafika dzuwa lili pamutu.

Zinali zaka zija anthu othawa nkhondo ku Mozambiki anadzaza kumsasa wa ku Luwani, ndipo odwala anachuluka paliponse. Pakhonde la chipatala panalibe poponda. Kudzera pazenera la wodi ndinaona ana awiriawiri pabedi, wina mutu uku wina uku, ena pamphasa pansi. Fungo la mankhwala ndi matewera linali lokhalitsa m'mphuno. Kumbuyo kwathu pamzere kunali mayi wina wa mudzi woyandikana ndi wathu, ndipo chitseko cha chipinda choyezera sichinkatsekeka.

Woyeza anali bambo wamtali wochokera kumpoto, Chichewa chake chomveka kuti ndi chophunzira ali wamkulu. Tonse tinkangoti adokotala. Anaika kagalasi koyezera kutentha kwa thupi m'khwapa mwa Tereza, anamukoka chikope, anamutsina pamimba kuti aone khungu. Tsoka lake, nthawi imeneyo mwanayo anali atatsitsimukako ndi mphepo ya m'njira. Anatambasula dzanja n'kugwira cholembera chawo.

"Akumwa madzi?"

"Akumwa," anatero amayi.

"Akusanza?"

"Pang'ono."

"Wakomokapo? Kuuma thupi, maso kutembenuka?"

"Ayi, bambo."

Adokotala sanalembe msanga. Anayang'ana mwana, anayang'ana kukhomo la wodi. Anati malo atsala amodzi okha, theka la bedi, ndipo panja pali mwana wina wopuma movutika. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Iwe mtsikana, ndikuona kuti ndiwe umamubereka. Waonapo chachilendo?"

Palibe munthu wamkulu wovala zoyera anali atandifunsapo chilichonse chibadwire. Mawu anali pakamwa penipeni. Ndinamva chala cha phazi la amayi chikupondereza changa. Ndinayang'ana simenti ya pansi.

"Palibe," ndinatero.

Analemba patikiti, natipatsa mapiritsi a kolorokwini oti tizikaswa pakati. "Akasintha mubwere naye msanga," anatero. Sindikuganiza kuti ankadziwa kutalika kwa kwathu, ndipo ife sitinawauze. Mwana wopuma movutika uja analowa m'wodi ife tikutuluka.

Tinali titawoloka mtsinje woyamba, tikukwera chitunda, pamene msana wanga unamvanso. Ulendo uno sizinasiye. Amayi anamugoneka paudzu, anamuthira madzi, anamuitana ndi mayina ake onse, koma timanja tinali chikhalire chogwedezeka. Kumudzi kunali kutali, kuchipatala kunali kutali, ndipo panjira panalibe munthu, ngakhale wa njinga. Ine ndinangoima nditagwira chitenje chopanda mwana. Sindinamvepo kuchepa mphamvu ngati tsiku limenelo.

Tinabwerera chothamanga. Amayi anagwa kawiri m'matope koma mwana sanamutaye. Tinawapeza adokotala akutseka mazenera. Anamulandira okha m'manja, anaitana anamwino, anamubaya, anamuika diripi pamphasa pakati pa mabedi awiri. Atamaliza anafunsa osatiyang'ana.

"Aka ndi koyamba?"

"Kachitatu," anatero amayi motsitsa mawu. "Kawiri m'mawa."

Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Iwo anangokhala pansi pambali pa mphasa, nagwira chipumi. "Ndinakufunsani," anatero.

Tereza sanatsegulenso maso. Anamwalira mawa lake chakumasana. Kumudzi anthu anamva kuti anali malungo, ndipo zinali zoona. Za kukomoka palibe anazidziwa.

Kwa zaka zambiri ndinkafuna munthu womukwiyira. Ndinayamba ndi adokotala, koma ndikakumbukira mmene anagwirira cholembera osalemba, mkwiyo unkandithera. Munthu uja anali ndi ana awiri ndi theka la bedi. Maso ake anaona mwana wosewera ndi cholembera. Za kuchitsime sanalipo, za kumunda sanalipo, ndipo ife amene tinalipo tinamubisira. Ndinayesa kukwiyira amayi, nazonso zinakanika. Iwo ankateteza ana awo ku chinthu chimene ankachiona tsiku ndi tsiku, osadziwa kuti china chinali pafupi kwambiri. Nditakula ndinafunsa namwino wina ngati Tereza akanachira akanagonekedwa masana aja. Anandiuza chilungamo, kuti mwina, mwinanso ayi. Ndakalamba nayo mwina ameneyo.

Chimene ndikudziwa lero n'chakuti amene amasankha mwana woti agonekedwe ndi woti abwerere kwawo sasankha yekha. Theka la chigamulo chake limachokera pakamwa pa amene wabwera ndi mwana. N'chifukwa chake ndikaperekeza adzukulu anga kuchipatala ndimanena zonse, mpaka mtundu wa chimbudzi, ndipo ana anga amandikodola kuti agogo mukutichititsa manyazi. Ndimangowasiya.

Amayi ndi ine sitinakambiranepo za tsiku lija. Koma mpaka imfa yawo, alendo akabwera ankakonda kunditama kuti mwa ana awo onse, ine ndiye ndinali womvera. Akatero ndinkadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba.